Chitenje cha Amalume

Munthu akachoka pa boma la Phalombe n'kulunjika chakum'mawa, msewu umakwera pang'onopang'ono mpaka kukalowa pa mpata umene uli pakati pa phiri la Michesi ndi phiri la Mulanje. Pamenepo ndiye pa Fort Lister. Malowa ndi a zii. Chimene chimamveka ndi mphepo yowomba m'mitengo, mwinanso mapazi a alendo amene akuyamba ulendo wokwera ku Sombani. M'kati mwa udzu muli maziko ndi zipupa zogumuka za linga limene Angerezi adamanga m'chaka cha 1893, ndipo chapafupi pomwepo pali manda a mzungu wina, Gilbert Stevenson, msuweni wa mlembi wotchuka uja Robert Louis Stevenson. Si malo oti munthu angapiteko kukafuna phwete.

Komabe pali mayi wina, mphunzitsi pa sukulu ina ya sekondale m'bomali, amene chaka ndi chaka amakwera ndi ophunzira ake kukakonzera sewero pa mabwinja amenewa. Sewerolo silikhala la nkhondo kapena la ukapolo ayi. Limakhala lanthabwala, la mnyamata ndi mtsikana okondana amene amapunthwa uku ndi uku asanapezane, oonerera n'kumagwira nthiti. Aphunzitsi anzake ena amati kutero n'kupeputsa mbiri ya malowo. Enanso amati masewero achikondi oseketsa ndi zachibwana, zongotayitsa nthawi ana oyenera kuwerenga za mayeso. Mayiyu sakangana nawo. Iye amadziwa chimene sewero lotere lidamuchitira pamene adali ndi zaka 16.

Adabadwira m'mudzi wina m'tsinde mwa Michesi. M'mwezi wa Marichi 1991, iye ali ndi zaka 10, kudagwa chimvula chosalekeza, phiri lidang'ambika, ndipo madzi, matope ndi miyala ikuluikulu zidatsika ndi mkokomo n'kusesa midzi. Anthu adati kwadutsa Napolo. Bambo ake adali mmodzi mwa anthu mazanamazana amene adapita ndi madziwo. Misozi isanaume, m'chaka cha 1992 kudagwa chilala. Motero mtolo wonse wa banjalo udagwera amalume ake, mwini mbumba, munthu wofatsa ndi wosachulutsa mawu, amene chuma chawo chidali mbuzi zitatu ndi njinga imodzi yakapalasa.

Amalumewo sadali munthu wankhanza. Ndiwo amene adaumirira kuti mwanayo apite ku sekondale atakhoza mayeso a Sitandade 8. Koma fizi, yunifomu ndi feteleza sizimera m'munda. Chaka chilichonse, nandolo akauma, kunkabwera mkulu wina wamalonda wochokera ku Limbe atatenga sikelo ndi matumba. Mkuluyu adayamba kuwakongoza amalumewo, lero ndalama, mawa thumba la feteleza, ndipo ngongoleyo idakula ngati chulu. Tsiku lina, ataona mtsikanayo akuchokera kumadzi, adawanong'oneza kuti pakati pa apachibale sipakhala ngongole. Kudera limenelo kulibe malowolo. Mwamuna ndiye amadzakhala kwa mkazi monga mkamwini. Koma mkuluyu, amene adali kale ndi mkazi ndi ana m'tauni, ankafuna chitengwa. Amalume adapempha nthawi yoganizira. Kwa mlongo wawo adangoti, "Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Za sukuluzi n'zakutsogolo, ndipo kutsogolo sitikudziwako." Nkhaniyo idakambidwa pakhonde, idakambidwa kumunda, idafika mpaka pachitsime. Mwini wake yekha ndiye sadafunsidwe.

M'masiku omwewo, pa sukulu yoyendera imene mtsikanayo ankaphunzira padafika mphunzitsi wachinyamata wokonda zisudzo. Ali mwana wa sukulu adachitako nawo mpikisano wa masewero wa ATEM, ndipo adaonererapo gulu loyendayenda la zisudzo la ku Chancellor College ndiponso la Wakhumbata la Du Chisiza Jr. Tsiku lina adalemba pabolodi maina a masewero awiri a William Shakespeare, onse olembedwa cha m'ma 1595, n'kuwafotokoza mwachidule. M'sewero la Romeo and Juliet, bambo akakamiza mwana wake wamkazi kukwatiwa ndi mwamuna amene bamboyo wasankha, chonsecho mtima wa mwanayo uli kwina. Mapeto ake ndi manda. M'sewero la A Midsummer Night's Dream namonso bambo wina, Egeus, akakamiza mwana wake Hermia kukwatiwa ndi Demetrius, mpaka kukamusumira kwa wolamula mzinda wa Athens. Hermia athawira kunkhalango ndi wokondedwa wake Lysander. Kumeneko zinthu zisokonekera usiku wonse, koma kukacha wolamulayo agamula kuti aliyense akwatirane ndi wakumtima kwake, ndipo sewero lithera pa maukwati atatu.

"Nkhani ndi imodzi," adatero mphunzitsiyo, "koma ina yathera kumanda, ina kuphwando. Chasiyanitsa n'chiyani?"

Ena adati ndi mwayi chabe. Ena adati ndi mankhwala achikondi a m'nkhalango muja. Mtsikanayo, amene kawirikawiri sankayankha m'kalasi, adaimika dzanja.

"Aphunzitsi, m'loyambalo akuluakulu asintha maganizo ana atafa kale. M'lachiwirili wamkulu wasintha maganizo ana akadali moyo."

Mphunzitsiyo adamuyang'ana kanthawi, kenaka adalemba yankholo pabolodi.

Ndithudi, pamenepo ndi pamene pagona mtundu wonse wa masewerowa. Mizu yake ndi yakale. Ku Greece, zaka pafupifupi 300 Yesu asanabadwe, Menander ankalemba kale za anyamata ofuna kukwatira ndi madoda ouma mtima owatsekereza, ndipo ku Rome Plautus ndi Terence adatsata njira yomweyo. Kuchokera nthawi imeneyo msana wa nkhaniyi sudasinthe. Awiri akumana, kawirikawiri molakwika, mwinanso mokangana kumene. Pakati pawo pagwa chotchinga: kholo, umphawi, kusiyana mtundu, bodza, kapena kunyada kwa eni akewo. Kenaka pabuka chisokonezo, wina kudzibisa, wina kumva mawu theka, wina kupereka kalata kwa munthu wolakwika. Pachimake choonadi chiululika, wouma mtima afewa, ndipo onse, ngakhale amene wagonja, aitanidwa kuphwando. Woonerera amadziwa mapeto sewero lisanayambe n'komwe. Chimene amakhalira pansi ndi kufuna kuona kuti mfundo yothina chotere imasuka bwanji popanda kudula chingwe.

Opanga mafilimu adangolandira mtolo womwewo. M'filimu ya ku America ya mu 1934 yotchedwa It Happened One Night, mwana wamkazi wa mpondamatiki athawa bambo ake, akumana m'basi ndi mtolankhani wochotsedwa ntchito, ndipo ayenda akulongolozana mpaka kukondana. Filimuyo idapata mphoto zisanu zikuluzikulu za Oscar, ndipo mafilimu ambirimbiri adatsata mapazi ake. Koma mtsikana wa m'tsinde mwa Michesi adakumana ndi ina. Masiku amenewo wailesi ya kanema ya dziko lino idali isanatsegulidwe, pakuti idayamba mu 1999. Kanema ankaonera m'tinyumba ta vidiyo pa misika monga pa Migowi, jenereta ikulira kuseri, anthu atapanikizana pa mabenchi, mmodzi womva Chingerezi n'kumamasulira anzake. Nthawi zambiri ankaonetsa za nkhonya ndi mfuti, ndipo mtsikana wolowa m'menemo ankanenedwa. Koma tsiku lina la msika, atagulitsa mbatata, iye adazemba ndi msuweni wake n'kukapeza akuonetsa Coming to America, filimu ya mu 1988. M'menemo Eddie Murphy ndi Akeem, mwana wa mfumu ya dziko longopeka la Zamunda, amene makolo amusankhira mkazi wophunzitsidwa kuyambira ubwana kuvomera chilichonse. Akeem atamufunsa zimene amakonda, mkaziyo alephera kutchula ngakhale chimodzi chakechake. Nyumba yonse idafa nalo phwete. Pambuyo pake Akeem apita ku New York n'kudzisandutsa mmphawi wokolopa m'nyumba yodyeramo, kuti apeze mkazi wokonda iye osati chuma chake. Mtsikanayo adaseka nawo, koma pobwerera kumudzi adali duu. Chidamukhudza si mwana wa mfumuyo ayi, koma mkazi wosiyidwa uja, amene adakula wosafunsidwapo kanthu mpaka adaiwala kuti munthu amakhala ndi chofuna chake.

Posakhalitsa mphunzitsi uja adabweretsa buku la sewero la Wole Soyinka wa ku Nigeria, The Lion and the Jewel, limene lidaonetsedwa koyamba ku Ibadan mu 1959. Mtsikanayo adapatsidwa mbali ya Sidi, chiphadzuwa cha m'mudzi wa Ilujinle. Sidi afunidwa ndi amuna awiri: Lakunle, mphunzitsi wodzimva kutsogola, wodzaza mawu akuluakulu a Chingerezi koma wokana kupereka malowolo, ndi Baroka, mfumu ya mudziwo, nkhalamba ya zaka 62 ya mitala. Baroka afalitsa bodza lakuti mphamvu zachimuna zamuthera, Sidi apita kukamuseka, n'kukodwa mumsampha, ndipo sewero lithera pa ukwati wa namwaliyo ndi nkhalambayo. Atamaliza kuwerenga, anyamata adaomba m'manja kutama ukathyali wa Baroka. Mtsikanayo adatseka buku n'kunena kuti mbaliyo saitenga. Anzake atabalalika, adamuuza mphunzitsiyo chifukwa chake. Kadali koyamba kuti nkhani imene mudzi wonse unkaidziwa ituluke pakamwa pa mwini wake.

Mphunzitsiyo adalibe kokasuma. Malamulo aakulu a dziko a mu 1994 ankalola mwana wa zaka zapakati pa 15 ndi 18 kulowa m'banja makolo kapena omulera akavomereza. "Ndikapita kukawadzudzula amalume ako," adatero, "adzati kamnyamata kadzulodzuloka kakufuna kuwaphunzitsa kulera mbumba, ndipo adzaumiratu. Koma munthu akamaseka, chitseko chimakhala chosakhoma. Tiyeni tipange sewero lathulathu, m'Chichewa."

Mbewu ya sewerolo idachokera kwa agogo ake, mayi wawo wa amalume aja. Madzulo ena, akusenda nandolo pamkeka, mtsikanayo adawafotokozera filimu ya ku Migowi ija. Agogo adaseka mpaka kutsokomola.

"Ndiye akakwatirana basi, kanemayo watha? Nanga mawa lake adya chiyani? Anthu akewo amathera poyambira."

Kenaka adayamba kutula nthano zawo: ya namwali wonyada amene adakana amuna onse a m'mudzi n'kukwatiwa ndi mlendo wokongola amene kwenikweni adali fisi, ya mfumu imene idaikira ofunsira mwana wake mayeso ovuta, Kalulu n'kupambana mwa machenjera, ya mkamwini wamanyazi amene adakana chakudya pamaso pa apongozi, usiku n'kugwidwa mutu uli mumphika. Mtsikanayo adazindikira kuti zimene aphunzitsi ankati zidayambira ku Greece zidali zakwawonso. Kufunsira mbeta, kudzibisa, chotchinga cha makolo, manyazi a chikamwini, zonsezo anthu a kuno adayamba kalekale kuziseka pamoto. Atawaululira zimene iye ndi anzake ankakonza, agogo adakhala chete kanthawi, n'kunena motsitsa mawu.

"Mwana wanga, amene uja ndidabala ndine, ndimamudziwa. Wamkulu sagwetsedwa pagulu. Ukafuna kuti abwerere, umusiyire kanjira kobwererera."

Pa sukulu sakadatha kukonzekera, pakuti khoma lili ndi makutu. Choncho Loweruka lililonse gululo linkakwera ku Fort Lister. Tsiku loyamba mphunzitsi adawakhazika pa chipupa n'kuwauza mbiri ya malowo. Lingalo lidamangidwa m'nthawi ya Harry Johnston, lidapatsidwa dzina la Sir Villiers Lister, mkulu wina wa boma ku London, ndipo mwa asilikali ake mudali Asikhi ochokera ku India. Ntchito yake idali kutseka mpatawo, pakuti m'menemo ndimo munkadutsa magulu a akapolo powatengera kunyanja yamchere, cha ku Quelimane. Malondawo atatha, lingalo lidasiyidwa patangopita zaka zowerengeka. Mtsikanayo adayang'ana kanjira kotsikira kum'mawa n'kuganizira anthu amene adadutsa pamenepo popanda wowafunsa kumene akufuna kupita. Adadziwa kuti amalume ake si ogulitsa anthu, ndipo mtima udamupweteka kuti ganizolo lamufikira n'komwe. Koma adaonanso kuti ngongole nayo ili ndi goli lake, ndipo goli limenelo lidali m'khosi mwa amalume lisanafike kwa iye.

M'gululo mudali mnyamata wina wochokera kuseri kwa mpatawo, cha ku Nkhulambe, wolongolola ngati mpheta. Sewero la Sabata Ino pa wailesi ya MBC silinkamuphonya, ndipo ankadziwa kutsanzira Izeki ndi Jakobo, ndiye kuti John Nyanga ndi Eric Mabedi a gulu la Kwathu, mpaka munthu kulephera kupuma. Iye ndi mtsikanayo sadamwerane madzi kuyambira tsiku loyamba. Mnyamatayo ankati mtsikanayo amalankhula ngati akuwerenga uthenga wa maliro. Mtsikanayo ankati mutu wa mnyamatayo ndi chitini chopanda kanthu, n'chifukwa chake chimasokosa. Mphunzitsi adawatcha Beatrice ndi Benedick, atengambali a m'sewero la Much Ado About Nothing, ndipo atawafotokozera kuti awiriwo amatukwanizana sewero lonse n'kudzakwatirana pothera, onse adakwiya mofanana.

Nkhani imene adalumikiza idali yotere. Namwali wina afunsiridwa ndi amuna awiri, wina wamalonda wonenepa ndi ndalama, wina mnyamata wosema mipini. Malume wa namwaliyo, posowa chochita, aganiza zowayeza pa sikelo ya nandolo kuti wolemerayo atenge mkazi. Wamalonda abwera atabisa miyala m'matumba a jekete. Wosema mipini, wowonda ngati bango, akwerapo sikelo osagwedezeka n'komwe. Koma nkhalamba ina ichenjeza malumeyo kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, n'kumulangiza kuti avale chitenje ndi duku, adzisandutse mayi wapaulendo wopempha madzi akumwa, akaone mmene amunawo amakhalira pamene sakudziwa kuti akuonedwa. Kwa wamalonda amupirikitsa ndi tsache, ndipo ali kuseri kwa mpanda amva mwini nyumba akudzitama kwa anzake kuti mkazi wamupeza pa mtengo wa matumba awiri a feteleza. Kwa wosema mipini amulandira bwino n'kumupatsa kalongonda, koma tsoka ilo, bambo wamasiye wa mnyamatayo agwa m'chikondi ndi mayi wachilendoyo n'kuyamba kumufunsira pomwepo. Malume athawa chitenje chili m'manja.

Mkangano waukulu udabuka pa mathero. Mnyamata wa ku Nkhulambe, amene adatenga mbali ya malume, adati sewero lachikondi lopanda ukwati ndi nsima yopanda ndiwo. Namwali apatsidwe kwa wosema mipini, ng'oma zilire. Mtsikanayo adakanitsitsa. Adati ngati malume angomuchotsa kwa mwamuna uyu n'kumupereka kwa uyo, ndiye kuti namwaliyo akadali thumba la nandolo, langosintha sikelo. Mphunzitsi adawaweruza powauza kuti ngakhale Shakespeare yemweyo, m'sewero la Love's Labour's Lost, adamaliza akazi atauza ofunsira awo kuti ayambe adikira chaka chathunthu. Ndiponso kuti m'filimu ya mu 1953 yotchedwa Roman Holiday, mwana wamkazi wa mfumu ndi mtolankhani wokondana naye asiyana popanda ukwati, koma anthu amaikondabe. Chimene mtundu uwu wa sewero umalonjeza, adatero, si ukwati weniweniwo ayi, koma kuti achinyamata apatsidwa mpata ndipo mudzi sudasweke. Pokumbukira mawu a agogo, adagwirizana kuti nzeru yomaliza ituluke mwa malume mwini, osati mwa mphunzitsi, mfumu kapena wapolisi.

Sewerolo lidaonetsedwa tsiku lotsekera sukulu, pansi pa mitengo ya mango, pamaso pa makolo ndi mafumu. Amalume adafika pa njinga yawo n'kukhala kutsogolo. Pa nkhani ya sikelo adaseka mpaka kupukuta misozi ndi chipewa. Malume wa m'sewero atatulukira atavala chitenje ndi duku, akuyenda monyang'wa, bwalo lonse lidagwa pansi, iwonso adaseka nawo. Koma pamene wamalonda adatchula matumba awiri a feteleza, kuseka kwawo kudaduka. Anthu ena adayamba kuponyerana maso. Mtsikanayo, ali kuseri kwa bulangete limene lidali ngati chotchinga, adamva mawondo akugwedera. Adaganiza kuti amalume anyamuka.

Sadanyamuke. Adakhalabe mpaka pamene malume wa m'sewero adasonkhanitsa anthu onse n'kunena kuti amunawo wawayeza pa sikelo, wawazonda m'nyumba zawo, wavala ngakhale chitenje, koma chinthu chimodzi chosalira ndalama n'chimene adaiwala: kufunsa mwini wake. Adatembenukira kwa namwali n'kumufunsa. Namwaliyo adayankha kuti wosema mipini samuda, koma ayambe wadikira iye amalize sukulu, pakuti akuluakulu adati sunga khosi mkanda uoneka. Ng'oma za tchopa zidalira, onse adalowa m'bwalo, ndipo wamalonda naye adamukokera momwemo miyala ikugwa m'jekete.

Pobwerera kumudzi amalume sadakwere njinga. Ankangoikankha, ali patsogolo, osacheuka. Madzulo adamuitana mtsikanayo pakhonde, iye adagwada chapatali.

"Sewero lija walemba ndani?"

"Tonse, amalume."

"Mwandiveka chitenje pamaso pa mafumu."

Mtsikanayo adazyolika. Padapita nthawi, kukumveka nkhululu zokha.

"Chabwino. Funso lija ndikufunsa tsopano. Iweyo ukufuna chiyani?"

"Ndikufuna kumaliza Fomu 4, amalume."

"Basi?"

"Basi, amalume."

M'masewero nkhani imathera pamenepa, ng'oma zikulira. M'moyo simutero. Ngongole idalipobe, ndipo mwini wake adaifuna yonse ndi chiwongoladzanja chomwe. Amalume adagulitsa mbuzi ziwiri, adagulitsa njinga ija, ndipo nandolo wa zaka ziwiri adapita yense osasiyako wogulira mchere. Munthu amene ankadutsa anzake akuliza belu adayamba kupita kumsika wapansi, thumba lili paphewa, ena akumuseka kuti wagonjera ana a sukulu. Sadadandaulepo pamaso pa mwanayo ngakhale tsiku limodzi. Ndiponso sewerolo silidapulumutse onse. Mtsikana wina wa m'gulu lomwelo adakwatiwa chaka chisanathe. Akwawo adaonerera nawo, adaseka nawo, koma sadasinthe kanthu. Padatenga zaka zambiri kuti lamulo lifike pamene sewero lidalephera: mu 2015 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa zaka 18 kukhala msinkhu wolowera m'banja, ndipo mu Febuluwale 2017 idasintha malamulo aakulu a dziko n'kutseka mpata wa chilolezo cha makolo uja.

Mtsikanayo adakhoza mayeso, adachita maphunziro a uphunzitsi, n'kubwerera kwawo. Patapita zaka, pakhomo padafika ankhoswe kudzafunsira mbeta. Amalume atamuona mwini nkhaniyo, amene tsopano adali mlangizi wa zaulimi, adamuyang'anitsitsa kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Kodi si uyu adandiveka chitenje uyu?"

Anthu adaseka, mnyamata wa ku Nkhulambe n'kusowa poyang'ana. Koma amalume asanayankhe ankhoswewo, adatuma mwana kuti akaitane mwini wake kukhitchini, ndipo adamufunsa pamaso pa onse. Mnyamatayo adadzamanga nyumba m'tsinde mwa Michesi monga mkamwini, ndipo anthu amati awiriwo sadaleke kulongolozana mpaka lero.

Ophunzira a mayiyu amaonera mafilimu achikondi pa foni, ena a ku Nigeria monga The Wedding Party ya mu 2016, ena a ku India, ena omasuliridwa m'Chichewa ndi anyamata a m'tauni. Iye sawaletsa, koma sawabisira mbuna zake. Amawauza kuti mafilimu ambiri otere amaphunzitsa mnyamata kuti mtsikana akati ayi ndiye kuti limbikira, chonsecho ayi wa munthu ndi ayi. Amawaonetsa kuti ena, monga Pretty Woman ya mu 1990, amathetsa mavuto a mkazi pomupezera mwamuna wachuma, nzeru yomwe ija ya mkulu wa sikelo, yangovala suti. Amawakumbutsanso funso la agogo ake, lakuti mawa lake adya chiyani. Koma akatha kunena zonsezi amawauza kuti asanyoze sewero chifukwa choti laseketsa. Mawu amene mwana sangathe kuuza wamkulu maso ndi maso, nthabwala imawanyamula n'kukawatula bwinobwino, wamkuluyo ulemu wake uli chikhalire. Ndipo amati poonera filimu iliyonse yotere asamangofunsa kuti wakwatira ndani. Azifunsa kuti wafunsidwa ndani, ndipo amene wagonja, kugonjako kwamudyera chiyani.

Amalume aja adamwalira, agogo adatsogola kale. Chitenje cha sewero loyamba lija mayiyu adachisunga, ngakhale chidasuluka ndipo m'mphepete mudayamba kunyenyeka. Chaka chilichonse, gulu likafika pa Fort Lister, amayamba wawaimika ophunzira pafupi ndi chipupa n'kuwauza za anthu amene adadutsa pa mpatawo osafunsidwa. Amakhala chete kanthawi. Kenaka amatulutsa chitenjecho m'chikwama n'kufunsa kuti ndani mwa anyamata avale chaka chino.